Tinthu Tating'ono Tomwe Timadzisanja Tokha

Mwadya nsima ndi ndiwo zamafuta, ndipo manja ali mafuta okhaokha. Mukasamba ndi madzi okha, mafuta sacoka. Madzi amangodutsa pamwamba, manja n'kukhalabe oterera. Koma mukatenga sopo, amene ena amati sabau, n'kutikita manja pang'ono, mafuta aja amacoka n'kupita ndi madzi. Nanga sopoyo wacita ciani?

M'madzi a sopo aja mwacitika nchito yomanga imene maso athu sangaione. Tinthu tating'ono kwambiri ta sopo tazungulira kadontho kalikonse ka mafuta, n'kupanga timipira tosawerengeka. Palibe mmisiri amene watisanja. Tadzisanja tokha. Asayansi amati kumeneku ndi kudzisanja kwa mamolekula. M'mabuku a Cipwitikizi amalemba kuti automontagem molecular. Lero anthu akugwiritsa nchito njira imeneyi popanga katemera, mankhwala ndi zipangizo zatsopano. Tiyeni tione momwe zimacitikira.

Molekula n'ciani? Nanga nanomita n'ciani?

Cinthu ciliconse cimene mumaciona cinapangidwa ndi tinthu tating'ono totchedwa maatomu. Maatomu angapo akagwirana molimba amapanga molekula. Mwacitsanzo, molekula imodzi ya madzi ili ndi maatomu atatu. Shuga, mafuta, sopo ndi mpweya umene timapuma, zonsezi ndi mamolekula.

Mamolekula ndi aang'ono kwambiri moti mita kapena sentimita sizingathandize powayeza. Asayansi amagwiritsa nchito muyezo wochedwa nanomita. Tengani rula ya mwana wasukulu. Onani timizere tating'ono kwambiri tija. Kucokera pa kamzere kamodzi kufika pa kena ndi milimita imodzi. Tsopano gawani milimita imeneyo m'magawo 1,000,000. Gawo limodzi ndiye nanomita.

Tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi pafupifupi ma nanomita 80,000. Mamolekula atatu kapena anayi a madzi atandanda pamzere amakwana nanomita imodzi. Cikhadabo canu cimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi iliyonse. Pamene mukuwerenga mzere uno, cakula kale ndi ma nanomita angapo, koma inu simunamve kanthu.

Zinthu zimene kukula kwake kuli pakati pa nanomita 1 ndi ma nanomita 100 ndi zimene asayansi amati zinthu za nano. Funso lalikulu ndi ili: munthu angamange bwanji cinthu cacing'ono conco, poti zala zake n'zazikulu?

Njira ziwiri zomangira

Njira yoyamba ndi yosema. Mmisiri wa mtondo amatenga cipika cacikulu, n'kumasema mpaka mtondo utuluke. Timbali tating'ono ta m'kati mwa telefoni ndi kompyuta timapangidwa mwanjira yofanana ndi imeneyi. M'malo mwa nkhwangwa ndi sompho, mafakitale amagwiritsa nchito kuwala ndi mankhwala. Njirayi imagwira bwino, koma makina ake ndi odula kwambiri, ndipo cinthu cikamaceperacepera, kusema kumavutiravutira.

Njira yaciwiri ndi yosanja, monga momwe womanga nyumba amasanjira njerwa. Kodi tingasanje maatomu ndi mamolekula imodziimodzi? Ena anayesa. M'caka ca 1989, ku California m'dziko la America, Don Eigler ndi mnzake Erhard Schweizer a kampani ya IBM anagwiritsa nchito makina okhala ndi kansonga kakuthwa kwambiri. Anakankha maatomu 35 imodziimodzi mpaka analemba zilembo zitatu: I, B, M. Nchitoyo inawatengera pafupifupi maola 22, ndipo inatheka pamalo ozizira koopsa.

Zinali zodabwitsa ndithu. Koma taganizani izi. M'dontho limodzi la madzi muli mamolekula oposa nambala imene imalembedwa ndi 1 wotsatidwa ndi maziro 21. Mutati muziika molekula imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, kuti mukwanitse dontho limodzi mungafunike nthawi yoposa zaka zonse zimene dziko lapansi lakhalapo, kucurukitsa ka 10,000. Apa n'zoonekeratu kuti kusanja ndi dzanja sikungatifikitse patali.

N'cifukwa cake asayansi anaganiza zina. M'malo monyamula njerwa iliyonse, amaumba njerwazo mwakuti zikasakanizidwa m'madzi, iliyonse imapeza yokha malo ake. Nchito ya mmisiri imathera pa kuumba njerwa ndi kukonza malo. Zotsalazo njerwa zimacita zokha, mabiliyoni nthawi imodzi.

Kodi mamolekula ali ndi nzeru?

Ai. Molekula ilibe maso, ilibe ubongo, siganiza. Pali zinthu zitatu zimene zimapangitsa kuti mamolekula adzisanje.

Coyamba ndi kuyenda. Mamolekula a m'madzi sakhala phee. Amanjenjemera, amazungulira, amagundana nthawi zonse. Madzi akatentha, amathamanga kwambiri. Cifukwa ca kuyendayenda kumeneku, molekula iliyonse imakumana ndi anzake ambirimbiri pa sekondi imodzi. Zili ngati mai amene akupeta mphale. Sasankha njere imodziimodzi. Amangogwedeza licero, ndipo gaga amapita mbali yake, mphale mbali yake.

Caciwiri ndi maonekedwe ndi kukokana. Mamolekula ena amakwanana ngati kiyi ndi loko wake. Ena ali ndi mbali zimene zimakokana, monga momwe maginito amakokera msomali. Molekula ikagunda mnzake wosayenera, imangodutsa. Ikagunda woyenera, imakakamira.

Cacitatu ndi cofunika kwambiri: kugwirana kwake n'kofooka. Mwina mukuti kufooka n'koipa. Koma kumbukirani tsiku limene munayamba kulemba. Munalemba ndi pensulo, ndipo cilembo cikakhota munafufuta n'kulembanso. Mukanalemba ndi bolopeni, colakwa cikanakhala pompo. Mamolekula nawonso amalemba ndi pensulo. Imodzi ikakhala pamalo olakwika, imagwira pang'ono cabe, ndiye kugwedezeka kwa madzi kumaicotsa. Ikafika pamalo oyenera, imagwiridwa mbali zambiri nthawi imodzi, ndipo imakhazikika. Ulusi umodzi umaduka msanga, koma ulusi wambiri wopotedwa pamodzi umamanga mbuzi.

Citsanzo capafupi ndi mcere. Madzi amcere akauma pang'onopang'ono, timibulu ta mcere timatuluka ndi mbali zowongoka, ngati timabokosi. Palibe amene anatisema. Tinthu ta mcere tinangondanda mwadongosolo pamene madzi ankacoka.

Sopo: mutu wokonda madzi, mcira wothawa madzi

Tibwerere ku sopo uja. Molekula ya sopo imaoneka ngati mbululu, mwana wa cule: ili ndi mutu ndi mcira wautali. Mutu umagwirizana ndi madzi. Mcira sugwirizana ndi madzi, koma umagwirizana ndi mafuta.

Mamolekula otere akalowa m'madzi, micira imasowa pothawira. Ena amapita pamwamba pa madzi, mitu pansi, micira m'mwamba. Ena amasonkhana n'kupanga kampira, micira yonse m'kati, mitu yonse kunja. Kampira kamodzi kukula kwake ndi ma nanomita ocepa cabe. Pakakhala mafuta, micira imalowa m'mafutamo, mitu n'kutsala kunja. Mukatikita manja, mafuta amagawika timadontho, ndipo kadontho kalikonse kamavala covala ca mitu yokonda madzi. Basi, madzi amakanyamula.

Anthu anayamba kalekale kuona zinthu ngati zimenezi. Benjamin Franklin wa ku America anathira supuni yaing'ono ya mafuta padziwe la ku Clapham, ku London. Mafutawo anafalikira pamalo okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a hekitala, ndipo timafunde tinatha, madzi n'kukhala bata. Nkhani yake inasindikizidwa mu 1774. Tikawerengera lero, timapeza kuti mafutawo anayala pamadzi mopyapyala kwambiri, ma nanomita awiri kapena atatu basi. Kumeneku kunali pafupifupi kunenepa kwa molekula imodzi.

Wina amene anathandiza kwambiri ndi mai wa ku Germany, dzina lake Agnes Pockels, wobadwa mu 1862. Pa nthawi yake akazi sankaloledwa kuphunzira ku yunivesite kwao. Iye ankakhala pakhomo n'kumasamalira makolo ake odwala. Potsuka mbale ankayang'anitsitsa zimene mafuta ndi sopo zimacita pamwamba pa madzi. Anawerenga mabuku a mlongo wake, n'kudzipangira kacipangizo koyezera ndi zitsulo wamba. Kenako analembera kalata wasayansi wamkulu wa ku England, Lord Rayleigh. Kalatayo inasindikizidwa mu 1891 m'magazini ya sayansi yochuka ya Nature. Pambuyo pake Irving Langmuir wa ku America anapitiriza nchito yoyeza mamolekula oyala pamwamba pa madzi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1932. Caka comweco, sukulu yaukacenjede ya mumzinda wa Braunschweig inapatsa Agnes Pockels digiri yaulemu ya udokotala.

Thupi lanu linamangidwa conco

Thupi la munthu lili ndi tizipinda tating'ono tochedwa maselo. Selo iliyonse ili ndi khungu lake lopyapyala, pafupifupi ma nanomita 5. Khungulo linapangidwa ndi mamolekula amafuta ofanana ndi a sopo, koma okhala ndi micira iwiri. Mamolekula amenewa amandanda mizere iwiri: micira imayang'anana pakati, mitu imayang'ana madzi a m'kati ndi madzi a kunja. Palibe ulusi umene unasoka khunguli. Likabooka pang'ono, mamolekula amasendera okha n'kutseka.

Tizilombo tina toyambitsa matenda, monga kacilombo ka korona kamene kanabweretsa COVID-19, tilinso ndi khungu lamafuta lotere. Popeza khungulo linangogwirana mofooka, micira ya sopo imalowamo n'kuling'amba. N'cifukwa cake azaumoyo amati tizisamba m'manja ndi sopo kwa masekondi osacepera 20. Sopo amafuna kanthawi kuti agwire nchito yake.

Alimi a fodya a ku Angónia, ku Macanga ndi ku Niassa amadziwa kuti masamba a fodya nthawi zina amacita mawangamawanga, pena pobiriwira kwambiri, pena potuwa. Amodzi mwa matenda amene amacititsa zimenezi amabwera ndi kacilombo kooneka ngati kandodo. Kutalika kwake ndi ma nanomita 300, kunenepa kwake ma nanomita 18. M'kati muli kaulusi kamodzi kokhala ndi malangizo a kacilomboko. Kunja kuli timapuloteni tofanana toposa 2,000, tozungulira kaulusiko ngati njere za cimanga pa citsononkho.

Mu 1955, ku Berkeley m'dziko la America, Heinz Fraenkel-Conrat ndi Robley Williams anaphwasula kacilombo kameneka. Mapuloteni anawaika paokha, kaulusi pakokha. Kenako anazisakaniza m'botolo lagalasi n'kudikira. Timandodo tija tinapangikanso, ndipo ataika pa tsamba la fodya, tsambalo linadwala. Apa asayansi anaona poyera kuti pulani ya nyumba ili m'maonekedwe a njerwa zomwezo. Ndiye anafunsa kuti: ngati kacilombo kamadzimanga kokha, kodi ife sitingapange cigoba cake cokha, copanda matenda m'kati?

Katemera wa malungo

Yankho la funso limeneli lafika kale m'zipatala zathu. Malungo amayamba udzudzu ukaluma munthu n'kusiya tizilombo m'magazi. Tizilomboto timathamangira ku ciwindi, kumene timaswana. Pakhungu pa tizilomboti pali puloteni inayake. Thupi likaidziwiratu puloteni imeneyi, asilikali a m'thupi amatha kugwira tizilomboto tisanakhazikike m'ciwindi.

Vuto linali lakuti kacidutswa ka puloteni kakakhala kokha, thupi silikalabadira kwenikweni. Asilikali a m'thupi amadzidzimuka akaona cinthu cooneka ngati kacilombo: kampira kokhala ndi cizindikiro cimodzimodzi mbali zonse. Ndiye asayansi anatenga puloteni ina ya pakhungu pa kacilombo ka matenda a ciwindi a hepatite B. Puloteni imeneyi ili ndi khalidwe lodzisanja yokha n'kupanga timipira. Anailumikiza ndi kacidutswa ka puloteni ya malungo, n'kuphunzitsa yisiti, wofanana ndi wofufumitsira buledi, kuti azipanga zimenezi zambirimbiri. Mapuloteniwo amasonkhana okha n'kupanga timipira tosakwana ma nanomita 50, tokhala ndi zizindikiro za malungo kunja. M'kati mulibe kacilombo. Kampira kotere sikangaswane, sikangapatse mwana malungo kapena hepatite. Kali ngati ciopsezo ca m'munda covala malaya a munthu, koma m'kati muli udzu.

Katemera woyamba wa mtundu umenewu dzina lake ndi RTS,S. Dziko la Mozambique linathandiza kwambiri pomuyesa. Ku Manhiça, m'cigawo ca Maputo, ana oposa 2,000 analowa m'kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2004, ndipo zinaonetsa kuti katemerayu amateteza ana ena ku malungo. Mu 2019 Malawi, Ghana ndi Kenya anayamba kumupereka m'maboma ena. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse, limene m'Cipwitikizi amati OMS, linavomereza kuti ana azilandira katemerayu. Mu 2023 linavomerezanso wina, dzina lake R21, amene anakonzedwa ku yunivesite ya Oxford ndipo amapangidwa ku India. Nayenso ndi timipira todzisanja tokha. M'mwezi wa Ogasiti 2024, Mozambique inayamba kupereka R21 kwa ana aang'ono, kuyambira m'cigawo ca Zambézia.

Mwana amafunika kubaidwa kanayi kuti citetezo cikhale cokwanira. Komanso katemerayu sachinga malungo onse. Amacepetsa kudwala ndi kufa, koma neti yoteteza ku udzudzu ikufunikabe usiku uliwonse, ndipo mwana akatentha thupi tizithamangira naye kucipatala monga kale.

Timatumba tonyamula mankhwala

M'zaka za m'ma 1960, dokotala wa ku England dzina lake Alec Bangham anaona kuti mamolekula amafuta a micira iwiri aja akagwedezedwa m'madzi, amapanga timatumba totsekeka, tokhala ndi madzi m'kati. Timatumbati amati maliposomu. Anthu anazindikira kuti m'timatumbamo angabisemo mankhwala.

Pali mankhwala ena amphamvu ochedwa amphotericin B. Amapha nkhungu yoopsa imene imalowa m'mutu n'kutupitsa zokuta ubongo, makamaka kwa anthu amene HIV yawafooketsa kwambiri. Mankhwalawa amagwira nchito, koma akaperekedwa momwe alili kwa masiku ambiri, amatha kuononga impso. Akawatsekera m'maliposomu, impso zimapwetekeka pang'ono, ndipo dokotala angathe kupereka mlingo waukulu nthawi imodzi. Kafukufuku amene anacitika ku Malawi, Zimbabwe, Botswana, South Africa ndi Uganda anaonetsa kuti mlingo umodzi waukulu, pamodzi ndi mapiritsi akumwa, umathandiza mofanana ndi njira yakale ya masiku 7 a diripi. Mu 2022 bungwe la OMS linavomereza njira yatsopanoyi.

Akatemera ena a COVID-19, monga a Pfizer ndi Moderna, nawonso amayenda m'timipira tamafuta ta ma nanomita pafupifupi 100. Timipirato timapangika tokha pamene mafuta osungunulidwa asakanizidwa mwacangu ndi madzi okhala ndi uthenga wa katemera.

Kumanga ndi zilembo zinayi

M'maselo muli ulusi wochedwa DNA, umene m'Cipwitikizi amalemba ADN. Ndi umene umasunga malangizo amene mwana amatengera kwa makolo. Malangizowo analembedwa ndi mamolekula anayi amene asayansi anawapatsa zilembo: A, T, G ndi C. Lamulo lake n'losavuta. A amagwirana ndi T. G amagwirana ndi C. Ulusi uwiri ukakumana, umamatana pokhapokha zilembo zake zikuyenerana.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, wasayansi wa ku America dzina lake Nadrian Seeman anayamba kugwiritsa nchito lamuloli pomanga zinthu. Mu 2006 Paul Rothemund, wa ku California, anaonetsa njira yosavuta kwambiri. Anatenga ulusi umodzi wautali wa zilembo pafupifupi 7,000. Anapanganso timaulusi tatifupi toposa 200. Kaulusi kalikonse kanalembedwa mwakuti theka lake ligwire malo amodzi pa ulusi wautali, theka lina ligwire malo ena akutali. Conco kamakoka malo awiriwo n'kuwabweretsa pamodzi. Anathira zonse m'madzi amcere, anatenthetsa mpaka pafupi kuwira, n'kusiya kuti zizizire pang'onopang'ono. Ulusi wautali uja unapindika wokha n'kupanga zimene iye anajambula pa kompyuta: nyenyezi, timabokosi, ngakhale nkhope zomwetulira. Nkhope iliyonse inali ya ma nanomita pafupifupi 100, ndipo m'dontho limodzi munali mabiliyoni. Yerekezani ndi maatomu 35 aja amene anatenga maola 22.

Palinso zipangizo zina zochedwa MOF. Zimapangika pamene tinthu ta citsulo ndi mamolekula ooneka ngati timitengo zigwirana zokha, n'kupanga cinthu cokhala ndi timabowo tosawerengeka, ngati cisa ca njuci. Mukanati muyale makoma onse a timabowo ta m'magalamu awiri okha, akanakuta malo aakulu ngati bwalo la mpira. Timabowoto timatha kugwira mpweya kapena cinyezi. Omar Yaghi, amene anakulira ku Jordan m'banja la anthu othawa kwao, kumene madzi anali osowa, anaonetsa ndi gulu lake kuti MOF ina imayamwa cinyezi usiku m'cipululu, ndipo dzuwa likaiwomba imatulutsa madzi. Mu 2025 iye, Susumu Kitagawa wa ku Japan ndi Richard Robson wa ku Australia analandira mphoto ya Nobel cifukwa ca zipangizo zimenezi.

Zikasanjika molakwika

Popeza mamolekula saganiza, amasanjika ngakhale pamene zotsatira zake n'zoipa. Citsanzo ndi matenda a magazi amene kucipatala amati anemia falciforme, ndipo ku Malawi ndi ku Zambia amati sickle cell.

M'maselo ofiira a magazi muli puloteni yonyamula mpweya wabwino, yochedwa hemoglobina. Mwa munthu wodwala matendawa, kacidutswa kamodzi kokha ka puloteniyi n'kosiyana. Kusiyana kwakung'onoko kumapanga kamalo kothawa madzi, ngati mcira wa sopo uja. Mpweya ukacepa m'magazi, mapuloteniwo amayamba kumatana, wina pambuyo pa mnzake, mpaka apange timitengo tatitali tolimba. Timitengoto timakhotetsa selo, imene inali yobulungira ndi yofewa, kuti ioneke ngati cikwakwa. Maselo okhota amatsekereza timitsempha tating'ono. Munthu amamva ululu waukulu m'mafupa ndi m'cifuwa, ndipo magazi amacepa.

Matendawa mwana amabadwa nawo akatengera kacidutswa kosiyanako kwa bambo ndi kwa mai omwe, ngakhale makolowo akhale kuti sadwala. Si matenda opatsirana, ndipo palibe amene wamulodza mwanayo. Kucipatala amatha kuyeza magazi n'kupereka cithandizo cocepetsa ululu ndi kuteteza ku matenda ena.

Zimene zikuvutabe

Kudzisanja kuli ndi malire ake. Zinthu zambiri zomangidwa conco n'zosalimba. Kutentha kukapitirira, zimaphwasuka. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene akatemera amayendera m'mabokosi ozizira kucokera ku likulu mpaka kucipatala ca kumudzi. Komanso pakati pa mabiliyoni osanjika bwino pamakhala ena olakwika, ndipo kuwasankha n'kovuta. Zinanso zimatheka m'kabotolo kakang'ono, koma kuzipanga matani ambiri pamtengo wotsika ndi nkhani ina. Makina okolola madzi mumpweya aja, mwacitsanzo, sanafike poti n'kugulidwa pamsika wa kumudzi. Ndipo cinthu ciliconse catsopano ca nano cimene cikalowe m'thupi la munthu ciyenera kuyesedwa kwa zaka, monga anacitira ndi katemera wa malungo.

Yesani nokha kunyumba

Sungunulani mcere wambiri m'madzi ofunda, mpaka wina uzitsalira pansi. Thirani pang'ono madzi a pamwamba m'mbale yakuda, n'kuika pamthunzi pamalo osagwedezeka. Pakapita masiku angapo, yang'anitsitsani. Mudzaona timabokosi ta mbali zinayi zofanana. Mbale ina muiike padzuwa lamphamvu. Timibulu take tidzakhala tating'ono ndi tosalongosoka, cifukwa tinthu ta mcere sitinapeze nthawi yokonza zolakwa.

Kenako thirani madzi oyera m'mbale yotakata, n'kuwaza tsabola wopera pamwamba. Pakani sopo pang'ono kunsonga ya cala, mukhudze pakati pa madziwo. Tsabola adzathawira m'mphepete nthawi yomweyo. Mamolekula a sopo ayala pamwamba pa madzi, mitu pansi, micira m'mwamba, ndipo potambasuka akankha tsabolayo. Izi ndi zofanana ndi zimene Agnes Pockels ankayeza pamene ankatsuka mbale. Itanani ana adzaone, ndipo muwafotokozere za mutu ndi mcira.

Mau atsopano

Atomu: kanthu kakang'ono kwambiri kamene zinthu zonse zinapangidwa nako.

Molekula: maatomu angapo ogwirana molimba.

Nanomita: gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita.

Kudzisanja: pamene mamolekula apeza okha malo awo n'kupanga cinthu cadongosolo.

Selo: kacipinda kakang'ono ka moyo, thupi linamangidwa ndi maselo.

Puloteni: molekula yaikulu imene imagwira nchito zosiyanasiyana m'thupi.

Liposomu: kathumba kamafuta kodzipanga kokha, kamene kanganyamule mankhwala.

Mafunso okambirana ndi anzanu

1. N'cifukwa ciani madzi okha sacotsa mafuta m'manja?

2. Kodi kugwirana kofooka kumathandiza bwanji mamolekula kukonza zolakwa?

3. Mnzanu akuopa kuti katemera wa malungo angadwalitse mwana wake malungo. Mungamufotokozere ciani za timipira ta m'katemerayo?